Za malemu n'za yani? Zonena za pamaliro ndi zimene lamulo likunena

Ku Mukobeko, dera la ku Kabwe m'dziko la Zambia lomwe ambiri amalidziwira ndende yaikulu, maliro a bambo wosamala banja amayenda monga kwina kulikonse. Amuna amachezera pamoto panja, amayi ali m'nyumba ya siwa, makwaya akulandizana nyimbo. Kumanda amawerenga mbiri ya malemu: anaphunzitsa ana, malipiro ankafika nawo pakhomo, analera ndi ana a abale omwe. Nkhani imasintha mawa lake pamsonkhano wa banja, ena mwa amene analira mokweza akayamba kufunsa makiyi ndi mapepala a nyumba.

"Chuma cha mwamuna n'cha kwawo." Chikhulupiriro ichi sichinangogwa kumwamba. Alenje, omwe ndi eni dera lozungulira Kabwe, Abemba ndi Achewa, onse amawerenga mtundu kuchikazi. Kumudzi ana ankayang'ana kwa malume awo, ndipo wolowa m'malo mwa malemu ankatenga katundu pamodzi ndi udindo wodyetsa otsala. M'tauni mwambowo unafika wodukaduka: wonyamula firiji sanyamula mwana. Lamulo la dziko la Zambia la Intestate Succession Act la 1989 linagawa kale chuma cha munthu womwalira osasiya wilu. Ana amalandira 50 peresenti, mkazi 20, makolo a malemu 20, ndipo 10 yotsalayo ndi ya ena amene ankadalira malemuyo. Mchimwene kapena mlongo amene ali ndi pakhomo pake, ndipo sankadyetsedwa ndi malemu, sali pamndandandawu. Mwana wobadwira kunja kwa ukwati, yemwe nthawi zina amaonekera koyamba kumanda, alipo, ndipo ndi mwana monga anzake. Apa ndi pamene amayi amasiye ena amaliona lamuloli kuwawa.

Nyumba ili ndi ndime yakeyake, ndipo ku Kabwe ndiyo nkhani yeniyeni. Mgodi unatsekedwa mu 1994, ntchito za njanji zinachepa, ndipo kuyambira 1996 boma la Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za khonsolo ndi za boma kwa okhalamo. Mabanja ambiri anatsala ndi chuma chimodzi chokha, nyumba, yolembedwa m'dzina la bambo. Lamulo likuti nyumbayo ndi ya mkazi ndi ana. Mayiyo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha akakwatiwanso. Mipando, ziwiya ndi katundu wina wa m'nyumba n'zawonso. Koma malo a kumudzi omwe ali m'manja mwa mafumu lamuloli siliwakhudza, ndiye munda wa kwa mwamuna umayendera mwambo wa kumeneko.

Pali ena amene amaganiza kuti akasankhidwa kukhala administireta ndiye kuti alowa ufumu. Amatenga kalata ya kukhoti, n'kupita nayo kubanki ndi kubungwe la penshoni la NAPSA mapewa ali m'mwamba. Ntchito yake ndi yosonkhanitsa chuma, kubweza ngongole za malemu, kulipira za maliro ndi kugawira eni ake zotsala. Saloledwa kupindulapo, ndipo sangagulitse nyumba popanda chilolezo cha khoti. Palibenso pomwe panalembedwa kuti administireta akhale mwamuna wa kuchimuna. Mayi wamasiye kapena mwana wamkulu atha kusankhidwa. Wolanda chuma cha masiye amapalamula mlandu woti n'kulowa nawo m'ndende, ndipo apolisi a Victim Support Unit amalandira madandaulo otere. Kwathu ku Malawi lamulo la 2011 la chuma cha masiye linaletsanso mchitidwewu.

Za kulemba wilu anthu amati n'kudziitanira imfa. Pepala silinaphepo munthu. Chofunika n'chakuti ilembedwe, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri, mbonizo zisainenso, ndipo ndi bwino zikhale zosalandirako kanthu. Bambo wofuna kuti mphwake amene anamulera apatsidwe njinga kapena ndalama za sukulu, njira yake ndi imeneyi. Wilu yoiwala mkazi ndi ana aang'ono khoti litha kuikonza.

Nanga zija amati mzimu wa malemu sugona mpaka mkazi wake atalowa kufa ndi mbale wa mwamunayo? Lamulo la ku Zambia la 2011 lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi linaika kukakamiza mwambowu m'gulu la nkhanza, ndipo mafumu angapo m'Zambia anauletsa ataona mmene Edzi inkapululira mabanja. Mabanja ambiri tsopano amamasula namfedwa ndi pemphero kapena pomupaka ufa woyera, basi.

Bokosi lodula, mabasi aganyu ndi chiliza chonyezimira sindizinyoza, pakuti chisoni chimafuna pogwira. Koma ndalama za maliro zikatengedwa pa chuma cha malemu zimachotsedwa kugawa kusanayambe. Bokosi likakwera mtengo, gawo la ana limatsika, ndipo fizi ya teremu yotsatira imapeza mayi wamasiye ali yekha, olira onse atakwera basi kubwerera kwawo.