Intaneti kwa Okhala m'Galimoto ku Mnkhanya: Nkhani Yagona pa Malo ndi Magetsi

Chaka chilichonse mvula ikangotha, msewu wochokera ku Chipata kupita ku Mfuwe umayamba kudutsa magalimoto amene ndi nyumba zomwe. Pogona pali pa denga kapena m'kati, firiji ili kumbuyo, thanki ya madzi ili kunsi. Eni ake ambiri ndi alendo ochokera ku Ulaya ndi ku South Africa amene atha miyezi, ena zaka, ali pa ulendo. Ena mwa iwo amapeza ndalama pogwira ntchito pa kompyuta, ndipo kwa anthu otere tsiku lopanda intaneti ndi tsiku lopanda malipiro.

Vutoli si la alendo okha. Okumba mijigo, ogula thonje ndi ochita kafukufuku wa zinyama nawonso amagona m'magalimoto kapena m'matenti kwa milungu yambiri m'chigwa cha Luangwa, ndipo amafunika kutumiza malipoti, kulandira ndalama pa lamya ndi kulankhula ndi mabanja awo.

Dziko la Mfumu Mnkhanya lili m'boma la Mambwe, m'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia. Ndi umodzi mwa maufumu 6 a Akunda. Ena ndi a Nsefu, Kakumbi, Jumbe, Malama ndi Msoro. Derali lili m'malo osungirako zinyama a Lupande, amene achita malire ndi paki ya South Luangwa, paki ya makilomita 9,050 m'bwalo lake lonse imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1972. Wochokera ku Chipata amadutsa kwa Jumbe, n'kulowa kwa Mnkhanya cha ku Masumba, asanafike pa mlatho wa Luangwa kwa Kakumbi.

Njira zopezera intaneti m'derali ndi ziwiri: nsanja za makampani a lamya, ndi masetilaiti a m'mlengalenga. Zonsezi zimagwira ntchito, koma zimadalira pamene munthu waimika galimoto ndiponso kuchuluka kwa magetsi amene ali nawo.

Nsanja za lamya

Njira yotsika mtengo ndi kugula SIM khadi ya m'dziko muno. Makampani akale atatu ndi Airtel, MTN ndi Zamtel. Lamulo limafuna kuti khadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake: nzika imaonetsa chitupa cha NRC, mlendo amaonetsa pasipoti. Wolowera pa chipata cha Mwami kuchokera ku Malawi amachita bwino kumaliza zimenezi ku Chipata, kumene kuli maofesi a makampaniwa. Kugwiritsa ntchito khadi ya dziko lina kumatheka, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Nsanja zinamangidwa kumene kuli anthu. M'mbali mwa msewu wa phula, pafupi ndi misika, masukulu ndi bwalo la ndege la Mfuwe, lamya imagwira. Munthu akapatuka n'kulowa m'tinjira ta fumbi topita m'nkhalango, mphamvu ya netiweki imayamba kutha, ndipo intaneti ndiyo imayamba kusowa pamene kuimba lamya kukadatheka. M'chaka cha 2017 boma linayambitsa gawo lachiwiri la ntchito yomanga nsanja 1,009 m'dziko lonse, makamaka m'madera a kumidzi, koma nsanja simangidwa m'tchire mopanda midzi, ndipo kumeneko n'kumene okhala m'galimoto amakonda kukagona.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu ambiri. Choyamba, thupi la galimoto ndi chitsulo, ndipo chitsulo chimatchinga mafunde a wailesi. Lamya imene ikukanika m'kati imatha kugwira ikaikidwa pa denga. N'chifukwa chake ena amagula kabokosi ka MiFi, n'kukapachika pa mtengo wautali kapena kukalumikiza ndi mlongoti wa panja, kompyuta n'kumalandira intaneti kuchokera pamenepo. Mamita awiri kapena atatu okwera m'mwamba nthawi zina ndiwo amasiyanitsa kupeza ndi kusowa.

Chachiwiri, timizere ta pa lamya timangosonyeza mphamvu ya mafunde; sitinena za liwiro. Nsanja imodzi imagawira anthu onse oizungulira. Madzulo, pamene midzi yonse yaweruka ku minda ndipo aliyense ali pa WhatsApp ndi Facebook, intaneti imayenda ngati nkhono ngakhale timizere titadzaza. Wofuna kutumiza zithunzi zambiri kapena kanema amapindula akadzuka m'bandakucha.

Kukhala ndi makhadi a makampani awiri ndi nzeru yakale imene anthu a m'chigwa amaidziwa bwino, popeza pamene ina yalephera inzake imatha kugwira. Koma nsanja nazonso zimadya magetsi. M'chaka cha 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lagwa m'tsoka, ndipo pofika mwezi wa September madera ambiri ankakhala opanda magetsi kwa maola ochuluka a tsiku. M'nyengo yotero nsanja imadalira mabatire ndi jenereta, ndipo zimenezi zikatha netiweki imazima.

Za m'mlengalenga

Intaneti ya setilaiti si yachilendo m'chigwa. Malo ogona alendo akhala akugwiritsa ntchito madishi akuluakulu oloza ku masetilaiti amene ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000. Madishi amenewo ndi olemera, amafuna katswiri wowaimika, ndipo uthenga umatenga nthawi yoposa theka la sekondi kupita ndi kubwera. Sali oyenera kunyamula pa galimoto.

Zinthu zinasintha ndi Starlink, ya kampani ya SpaceX ya ku America. Masetilaiti ake, amene gulu loyamba la 60 linaponyedwa m'mwezi wa May 2019, amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550. Popeza ali pafupi, kuchedwa kwa uthenga kumachepa kwambiri, ndipo dishi yake ndi yaing'ono. M'chaka cha 2022 kampaniyi inayambitsa dongosolo la okhala m'magalimoto, limene kuyambira 2023 limatchedwa Roam. M'chaka cha 2024 inatulutsa dishi yotchedwa Mini, yolemera kilogalamu imodzi ndi pang'ono, yokwana m'chikwama cha kumsana.

M'dziko la Zambia, Starlink inayamba ntchito m'mwezi wa October 2023, patangopita miyezi yochepa itayamba ku Mozambique ndi ku Malawi. Pa nthawi imeneyo zipangizo zinkagulidwa pa K10,744 ndipo malipiro a pa mwezi anali K771. Kwa mlimi wa thonje wa kwa Mnkhanya ndalama zimenezi n'zosafikirika, koma kwa munthu amene ntchito yake yonse ili pa kompyuta, ndi mtengo wa ofesi.

Wogula ayenera kusamala ndi mtundu wa dongosolo. La pa nyumba limamangidwa ku adiresi imodzi. Woyendayenda amafunika la Roam. Malire a maiko nawonso ali ndi mawu. M'mwezi wa April 2024 kampaniyi inachenjeza makasitomala kuti amene akhala kunja kwa dziko limene analembetsera kwa miyezi yoposa iwiri ayenera kusintha adiresi kapena kubwerera, ndiponso kuti idzadula ogwiritsa ntchito zipangizozi m'maiko amene sinaloledwe. Mlendo wobwera ndi dishi yolembetsedwa ku Germany kapena ku Kenya ayenera kuwerenga malamulo a dongosolo lake asanamange msasa wa nyengo yonse. Bungwe loyang'anira za mauthenga m'dziko muno ndi ZICTA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2009.

Mthunzi kapena thambo

Apa ndi pamene chigwa cha Luangwa chimaika lamulo lakelake. M'mwezi wa October kutentha kumapitirira madigiri 40. Munthu aliyense wanzeru amaimika galimoto pansi pa mchenja, msikizi kapena mtengo wa mango, chifukwa galimoto yokhala padzuwa masana imasanduka ng'anjo. Koma dishi ya Starlink imafuna thambo loyera. Masetilaiti ake saima malo amodzi. Amadutsa mofulumira, ndipo dishi imasiya ina n'kugwira ina mosalekeza. Nthambi imodzi yotchinga mbali ya thambo imadula intaneti kwa masekondi angapo mobwerezabwereza. Wowerenga makalata mwina sangazindikire, koma wochita msonkhano wa pa kanema amaona nkhope zitauma ndi mawu atasowa.

Mapanelo a sola nawonso amafuna dzuwa lomwelo limene munthu akulithawa. Motero amene anakhomera dishi ndi mapanelo pa denga amapezeka pa mphambano: akasankha mthunzi ataya intaneti ndi magetsi, akasankha dzuwa sangakhale m'galimotomo. Amene anazolowera moyo umenewu amanyamula dishi ndi mapanelo osakhomera, pamodzi ndi nthambo zazitali, kuti galimoto ikhale pa mthunzi zipangizo zili pambalambanda. Pulogalamu ya Starlink ya pa lamya imatha kuyesa thambo ndi kamera ndi kusonyeza pamene pali chotchinga, ndipo ndi bwino kuchita zimenezi msasa usanamangidwe, osati mahema atakhomedwa kale.

Nthambo yogona pansi ili ndi adani ake. Afisi amatafuna mphira ndi pulasitiki usiku. Anyani ndi apusi amagwira chilichonse chonyezimira. Njovu, zimene zimalowa m'midzi ya kwa Mnkhanya ndi kwa Kakumbi kufuna mango m'miyezi ya November ndi December, siziona kusiyana pakati pa dishi ndi tsamba louma. Zipangizo zimalowetsedwa dzuwa likamalowa, ndipo kutuluka usiku kukakonza nthambo n'kuika moyo pachiswe.

Kuwerengera magetsi

Ambiri amene amalephera salephera chifukwa cha netiweki, koma chifukwa cha batire. Masamu ake ndi osavuta. Dishi ya Mini imadya mawati pakati pa 25 ndi 40. Ikayaka maola 8 pa mawati 30, yadya mawati-ola 240. Dishi yaikulu imadya mawati 75 mpaka 100, kutanthauza mawati-ola 600 mpaka 800 pa maola omwewo.

Batire ya mavoti 12 ndi ma amp-ola 100 imasunga mawati-ola 1,200. Ngati ndi ya mtundu wakale wa asidi, theka lokha ndilo loyenera kugwiritsidwa ntchito, apo ayi imafa msanga. Choncho zenizeni ndi 600. Ya lithium imalola kutapa zochuluka, koma ndi yokwera mtengo. Pa batire yomweyo pali firiji, imene m'nyengo yotentha imalira pafupifupi osapuma, ndiponso kompyuta, malamya ndi nyale. N'zoonekeratu kuti dishi yaikulu pa batire imodzi ya asidi sifikitsa munthu madzulo.

Kabokosi ka MiFi, poyerekeza, kamadya mawati ochepa kwambiri. Ichi n'chifukwa chake ngakhale amene ali ndi Starlink sataya SIM khadi: pamene nsanja ikugwira amazimitsa dishi, n'kuisungira misonkhano ndi malo opanda netiweki. Inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, nayo imadya gawo lake. Ubwino wa Mini ndi woti imatha kutenga magetsi a batire popanda inveta. Ndipo batire yolizira injini siyenera kukhudzidwa konse. Galimoto yokana kulira pakati pa tchire la Lupande ndi vuto lalikulu kuposa kalata yosatumizidwa.

Pogona si paliponse

Malo amene akuoneka ngati tchire lopanda mwini ali ndi eni ake. Nthaka ya kwa Mnkhanya ndi ya chikhalidwe, yoyang'aniridwa ndi mfumu kudzera mwa nyakwawa za midzi. Mlendo wofuna kuimika galimoto pafupi ndi mudzi chifukwa pamenepo netiweki ikugwira amayamba wakaonekera kwa nyakwawa, kunena kumene wachokera ndi masiku amene akhale. Anthu a m'mudzimo ndiwonso amadziwa chulu kapena mtengo umene lamya imagwirira, ndi njira imene njovu zimadutsa popita ku madzi.

M'kati mwa paki, imene kuyambira 2016 ili m'manja mwa nthambi ya boma ya National Parks and Wildlife m'malo mwa ZAWA, woyendetsa galimoto yake amalowa m'mawa ndi kutuluka kusanade. Saloledwa kugona paliponse pamene wafuna. Malo ambiri omangapo misasa ali kunja kwa paki, m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, ndipo ena ali ndi magetsi ndi WiFi ya alendo. WiFi yotero imagawidwa kwa anthu ambiri ndipo kawirikawiri imagwira pafupi ndi malo odyera okha.

Mvula imayamba cha mu November ndi kutha cha mu April. Mvula yamkuntho imafooketsa mafunde a setilaiti kwa kanthawi, mitambo imachepetsa mphamvu ya sola, ndipo dothi lamakande limameza magalimoto ngakhale amphamvu. Mitsinje ya Lupande ndi Luangwa imasefukira. M'mwezi wa February 2007 madzi analowa m'malo ambiri ogona alendo ku Mfuwe. Misasa yambiri ya m'tchire imatsekedwa m'nyengo imeneyi, ndipo njira za fumbi zopita ku Luambe kumpoto ndi ku Petauke kum'mwera sizipitika. Okhala m'galimoto amene amatsala m'chigwa amasendera kufupi ndi msewu wa phula, kumene kuli nsanja, mafuta a galimoto ndi njira yopita ku chipatala cha mishoni cha Kamoto malungo akabuka.