Nthochi ilibe njere, nanga imachulukana bwanji?

Anzanga, nyemani nthochi yakupsa muone pakati pake. Timadontho takuda mukuonato si njere zoti n'kumera ayi. N'chifukwa chake alimi a ku Thyolo kapena ku Nkhata Bay akafuna munda watsopano amakumba ana a nthochi, mphukira zija zimatuluka patsinde la mayi wake, n'kukawoka kwina. Apa palibe mungu, palibe bambo. Mwana amatenga DNA yonse ya mayi wake, ndipo m'buku lanu la Biology njira imeneyi amaitcha asexual reproduction.

Chimanga chimachita zosiyana. Mungu wochokera ku ngayaye umauluka ndi mphepo n'kugwera pa ndevu za chisononkho, nthawi zambiri za phesi lina. Njere iliyonse imakhala ndi chibadwa chosakanikirana cha makolo awiri. Iyi ndiye sexual reproduction.

Ine ndimati njira ya nthochi ili ngati kukopera homuweki ya mnzako: n'kwachangu, koma iye akalakwitsa, kalasi yonse yalakwa. Taonani matenda a chisaka, amene anayamba kuwononga nthochi m'Malawi muno m'zaka za m'ma 1990. Mayi akadwala, ana ake onse amatuluka ali ndi kachirombo kale, ndipo mlimi akawanyamula kupita nawo boma lina, wanyamulanso matendawo.

Nsabwe zimene zimafalitsa chisaka nazonso sizidikira yamphongo. Yaikazi imangobereka ana amoyo ofanana nayo, motero zimadzaza munda msanga.

Kulinso fangasi wa m'dothi wotchedwa Fusarium, woyambitsa matenda a Panama. Iyeyu amachulukana ndi ma spore, timbewu tosaoneka ndi maso, tomwe timatha kukhala m'dothi zaka zambirimbiri. M'zaka za m'ma 1950 anafafaniza minda ya nthochi za mtundu wa Gros Michel ku Central America, chifukwa mitengo yonse inali yofanana chibadwa. Alimi anasamukira ku mtundu wa Cavendish, koma mu 2013 mtundu watsopano wa fangasiyu, TR4, womwe umapha Cavendish, unapezeka kumpoto kwa Mozambique, pafupi pomwepa.

Ndiye pa mayeso akakufunsani ubwino wa sexual reproduction, yankho ndi ili: ana amabadwa osiyanasiyana, matenda akabwera ena amapulumuka. Ndipo kunyumba wina akamakatenga ana a nthochi kwa aneba, muuzeni ayambe wayang'ana masamba a mayi wake. Akakhala opyapyala, oima chilili ndi othithikana pamwamba, asatenge.