Mwana wa m'filimu yemwe adasankha kuphika nyimbo za ena

Amene adakulira kumadera a fodya ngati kwa Njombwa ku Kasungu akukumbukira momwe zinkakhalira m'zaka za m'ma 1990 msika wa ku Kanengo ukatsegulidwa. Mlimi akatapa zake, pobwerera kumudzi sankaiwala chitenje cha mayi a kunyumba, mabatire a wailesi ndi kaseti yatsopano ya ku Balaka.

Pachikuto cha kasetiyo pankakhala nkhope ya woimba. Koma kuseri kwake, m'timalemba tating'ono tomwe ambiri sankavutika n'kuwerenga, nthawi zina munkapezeka dzina la munthu wina, yemwe adajambula nyimbozo. Achinyamata amamutcha pulodyusa. Iyeyu ndiye amauza woimba kuti apa wakweza mawu kwambiri, apa gitala ayambe wakhala chete, nyimbo iyi isiye kaye sinapse.

Mmodzi mwa akatswiri a ntchitoyi padziko lonse adayamba ngati mwana wochita zisudzo. Dzina lake ndi Peter Asher, yemwe adabadwira mumzinda wa London ku Mangalande mu 1944. Bambo ake adali dokotala, mayi ake mphunzitsi wa nyimbo.

Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu zokha, mu 1952, Peter adaoneka m'filimu yotchedwa The Planter's Wife. Nkhani yake idali ya banja la mzungu wolima mitengo ya labala ku Malaya, ndipo iye adasewera ngati mwana wa m'banjamo. Kunoko tikadati mwana wa bwana wa pa esiteti. Mchemwali wake Jane naye adali m'zisudzo kuyambira ali wamng'ono, ndipo adapitiriza mpaka kukula.

Peter sadapitirize. Ali pasukulu ya Westminster adakumana ndi Gordon Waller ndipo awiriwa adayamba kuimba limodzi pa dzina loti Peter and Gordon. Mwayi udawapeza pakhomo penipeni. Jane adali pachibwenzi ndi Paul McCartney wa gulu la Beatles, yemwe kwa kanthawi ankagona kunyumba kwa makolo a Asher. McCartney adawapatsa nyimbo yomwe gulu lake silidaifune, A World Without Love, ndipo mu 1964 idakhala nambala wani ku Mangalande ndi ku America komwe.

Apatu mnyamata wa zaka 20 adali atalawa kale zonse zomwe anzake amalota: filimu, siteji, atsikana okuwa akamuona. Ambiri akafika pamenepa amakakamira mpaka anthu atatopa nawo. Iye kutchuka kutayamba kuzilala adalowa kuseri.

Mu 1968 a Beatles adamulemba ntchito yofufuza oimba atsopano pakampani yawo ya Apple. Kumeneko adapeza mnyamata wa ku America wosadziwika, James Taylor, n'kumujambulira chimbale choyamba. Chimbalecho sichidayende malonda. Asher sadamutaye mnyamatayo. Adasiya ntchito, n'kusamukira ku America kukakhala manijala wake, ndipo mu 1970 adatulutsa chimbale cha Sweet Baby James chomwe chidamutchukitsa Taylor. Mu 1974 adachitanso chimodzimodzi ndi mayi woimba Linda Ronstadt pa chimbale cha Heart Like a Wheel. Adapata mphoto ya Grammy ngati pulodyusa wopambana kawiri, ya chaka cha 1977 ndi ya 1989.

Koma chomwe oimba zida amamukumbukira nacho si mphotozo ayi. Nthawi imeneyo makampani ambiri sankalemba maina a anthu omwe aimba ng'oma, gitala kapena piyano m'situdiyo. Ankalipidwa za tsiku limenelo, basi kwatha. Asher ankaonetsetsa kuti maina awo alembedwe pachikuto. Pa Sweet Baby James anthu adawerenga kuti ng'oma adaimba ndi Russ Kunkel, gitala Danny Kortchmar, piyano Carole King. Oimba ena ataona mainawo adayamba kuwafunafuna anthuwa, ntchito n'kumawachulukira.

Kuno kwathu, nkhani yofananako ndi ya Paul Banda wa ku Balaka. Iye sadayambire m'filimu koma pa parishi ya Katolika, komwe akadali mnyamata adakhala mtsogoleri wa Alleluya Band, gulu lomwe lidayamba mu 1978 mothandizidwa ndi wansembe wa ku Italy, Bambo Mario Pacifici. Mng'ono wake Lucius, wobadwa mu 1970, adayamba kuimba naye ali ndi zaka 13.

Paul adali ndi mawu oti akadatha kungokhalira kutsogolo kwa siteji moyo wake wonse. Koma adakhalanso pansi m'situdiyo ya Imbirani Yahweh, yomwe ambiri ankangoti IY, n'kumajambula anzake. Kaimbidwe kaja ka rege wofatsa wa makiyibodi, komwe kadadzaza m'minibasi ndi m'magolosale dziko litangolowa m'ndale za zipani zambiri mu 1994, kadaphikidwa kumeneko. Maina ngati Charles Sinetre, Coss Chiwalo, Mlaka Maliro ndi Billy Kaunda adamveka kudzera m'khonde la ku Balaka lomweli. Paul Chaphuka atamwalira mu 1997, Lucius ndi anzake ndiwo adaonetsetsa kuti chimbale chake cha Ndichiritseni chifike kwa anthu. Lucius naye adatisiya pa 30 June 2024.

Kunena zoona, kusiyana kwa London ndi Balaka kuli pa ndalama. Asher ankadya nawo pa chimbale chilichonse chogulidwa. Kuno kaseti imodzi yeniyeni inkabereka ana ambirimbiri pa wailesi za makaseti awiri, ndipo ngakhale bungwe la Cosoma lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze eni luso, wojambula ndi woimba zida ndiwo ankakhala kumapeto kwa mzere.

Lero situdiyo siifunanso nyumba ya parishi. Kompyuta imodzi, maikolofoni ndi kachipinda kotchinga ndi matiresi kuseri kwa golosale zakwana. Makolo ambiri akaona mwana yemwe ankasangalatsa anthu m'zisudzo za kusukulu kapena m'kwaya wayamba kutsekeredwa m'kachipinda kotere, amaona ngati luso lamuthera. Mwina ayi. Kungoti ntchito yakeyo ilibe nkhope.

Vuto lomwe Asher adalimbana nalo labweranso mwa mtundu wina. Nyimbo masiku ano imayenda pa memori khadi ndi pa WhatsApp, ilibe chikuto cholembapo dzina la aliyense. N'chifukwa chake mukamvetsera nyimbo za achinyamatawa, woimba asadatsegule n'kukamwa komwe, mumayamba mwamva kamawu kakutchula dzina la situdiyo kapena la pulodyusa. Amadzilembera okha dzinalo m'kati mwa nyimbo momwe wokopera sangalifufute.