Injini Ikanoka, Mlandu Ngwayani?

Munthu akagula galimoto latsopano m'dziko la America amapatsidwa chikalata cha lonjezo, chonena kuti injini ikaonongeka nthawi yoikika isanathe, kampani idzaikonza popanda mwini wake kutulutsa ndalama. Kampani ya Hyundai, ya ku South Korea, inatchuka kwambiri ndi lonjezo lotere, pakuti lake linali la zaka 10 kapena mamailosi 100,000. Anthu osapata kwenikweni, aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki, anathamangira magalimoto ake kaamba ka chikalata chimenechi. Koma kulonjeza ndi kwina, kupereka ndi kwinanso.

Chaka cha 2015 chisanafike, eni magalimoto a mtundu wa Sonata anayamba kudandaula kuti injini zao, zotchedwa Theta II, zikugogoda ndi kuzima mwadzidzidzi pakati pa mseu. Zina zinkagwira moto kumene. Tsono ambiri a iwo, monga ananenera pambuyo pake m'bwalo la milandu, atapita kugalaja la kampani anafunsidwa funso limodzi: malisiti oonetsa kuti munkasintha oyilo pa nthawi yake ali kuti? Amene analibe malisiti anauzidwa kuti injini anaipha okha ndi kusasamala, ndipo kuti aikonzetse ndi ndalama za m'thumba mwao.

Funso limeneli sililakwa konse. Oyilo akakhalitsa m'injini amada ndi kuuma ngati phula, natseka tinjira timene amayendamo. Zitsulo zimayamba kukhulana zouma, ndipo mapeto ake injini imanoka. Kampani ili ndi ufulu wokana kulipira ulesi wa munthu. Chovuta nchakuti injini yophedwa ndi ulesi ndi injini yobadwa ndi chilema zimafa imfa yofanana: zonse zimafa chifukwa chosowa oyilo pa mabering'i. Makaniko wa kampani akatsegula napeza mabering'i otha, ndiye yekha amene amanena kuti wolakwa ndani, pomwe bwana wake ndiye mmodzi wa okanganawo. Ndi bwalo lanji limene woimbidwa mlandu amakhalanso mboni ndi woweruza?

Lamulo la dzikolo silinamsiye yekha wogula. M'chaka cha 1975 boma la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Magnuson-Moss, limene limaletsa kampani kufafaniza lonjezo lake pa chifukwa chokha chakuti munthu anakasinthitsa oyilo kugalaja lina kapena anagula zipangizo za kampani ina. Ikafuna kukana, iyenera kuonetsa kuti chimene munthuyo anachita ndicho chinaononga injini. Pa chifukwa chimenechi, amene amalidziwa lamuloli sabwerera manja ali m'khosi. Amapempha kuti kukanako kulembedwe papepala pamodzi ndi zifukwa zake, amaletsa kuti injini yakufayo itayidwe, amaitana makaniko wapadera kuti aione, ndipo amasonkhanitsa umboni uliwonse wa oyilo amene anagula, ngakhale kalisiti ka m'sitolo. Komabe njira imeneyi njaitali, ndipo munthu amene galimoto lake lili gone kugalaja afunikabe kufika kuntchito m'mawa mwake.

Choonadi chinayamba kutuluka mu September 2015, pamene Hyundai inaitanitsa magalimoto a Sonata pafupifupi 470,000 a mtundu wa 2011 ndi 2012. Inavomera kuti kufakitale yake ya ku Alabama, poboola tinjira ta oyilo m'chitsulo chopindikapindika chotchedwa crankshaft, tizidutswa ta chitsulo tinkatsalira m'kati. Tizidutswato ndito tinkatsekereza oyilo. Munthu akanasintha oyilo sabata ndi sabata, injini yotereyo ikanafabe.

Nkhani ikanathera pomwepo pakanapanda Kim Gwang-ho, injiniya amene anagwira ntchito ku Hyundai zaka zoposa 20. Iye ankadziwa kuti injini zachilema zinali zambiri kuposa zimene kampani inaulula. M'chaka cha 2016 ananyamuka ku Korea napita ku Washington kukauza bungwe la boma loona za chitetezo cha pamseu, la NHTSA, ali ndi zikalata m'manja. Kwao anachotsedwa ntchito. Koma mu 2017 Hyundai ndi mbale wake Kia anaitanitsanso magalimoto oposa miliyoni imodzi, ndipo mu November 2020 makampani awiriwa anavomera chilango cha madola 210 miliyoni chifukwa chochedwa kuitanitsa magalimoto ndi kupereka malipoti osalongosoka ku boma. Patapita chaka, Kim anapatsidwa mphotho ya madola oposa 24 miliyoni, munthu woyamba kulandira mphotho yotere kuchokera ku bungwelo.

Nanga eni magalimoto aja? Iwo anasumira pamodzi monga gulu, pakuti munthu mmodzi sangalimbane ndi maloya a kampani yaikulu chotere. Mgwirizano umene bwalo linavomereza mu 2021 unapereka lonjezo latsopano la injini, la moyo wonse wa galimoto, ndiponso njira yobwezera ndalama kwa amene anakonzetsa okha. Panali mfundo ziwiri zoti munthu achenjere nazo. Yoyamba, galimoto liyenera kuikidwa pulogalamu ya kompyuta yomvetsera kugogoda kwa injini, imene imachenjeza woyendetsa ndi kuchepetsa liwiro zinthu zisanafike poipa. Yachiwiri, kampani inasungabe mphamvu yokana ngati yapeza kuti mwini galimoto analekerera injini mopitirira muyeso. Choncho makaniko amatha kutsegulabe chivundikiro cha pamwamba pa injini, nayang'ana ngati muli oyilo wouma, ndipo mwini galimoto amatha kufunsidwabe za malisiti ake.