Kubzala Timitengo ta Maluwa Pakhomo

Alimi ambiri amasamala munda, koma bwalo la pakhomo amangolisesa mpaka nthaka ya pamwamba itatha. Mvula ikagwa, madzi otsika pa malata amakumba ngalande m'mbali mwa khonde, ndipo m'kupita kwa zaka maziko a nyumba amaonekera. Timitengo tobzalidwa mwanzeru timagwira nthaka imeneyi, timachepetsa fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala, komanso timakongoletsa polowera alendo.

Choyamba ndi kusankha mbeu. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lantana ali ndi maluwa okongola, koma amafalikira msanga mpaka kulanda malo odyetsera ziweto, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe. Oleander ndi wakupha kuyambira tsamba mpaka muzu. Utomoni wa nkhadze umawononga maso, ndipo tizipatso tachikasu ta duranta n'toopsa kwa ana. Wofuna mpanda wa duranta azidulira usanabereke. Hibiscus ndi wabwino pakhomo pamene pamasewera ana, ngakhale mbuzi zimamukonda, choncho atchingidwe ndi minga akali wamng'ono. Bougainvillea amapirira chilala, koma chifukwa cha minga yake ayikidwe patali ndi njira.

Chachiwiri ndi malo. Siyani mita 1 kapena kuposerapo pakati pa khoma ndi kamtengo, kuti chinyezi chisalowe m'njerwa ndiponso kuti muziona msanga njira za chiswe. Mitengo ikuluikulu monga mango ndi bulugamu isayandikire nyumba, pakuti mizu yake imang'amba maziko. Kumene madzi a padenga amathamangira, bzalani mzere wa udzu wa vetiva mopingasa, kuti madzi afooke ndi kulowa pansi.

Mbande simuyenera kugula. Dulani nthambi zokhwima za hibiscus kapena bougainvillea zotalika masentimita 20 mpaka 30, muzizike m'machubu pamthunzi miyezi iwiri kapena itatu mvula isanayambe. Kumbani dzenje la masentimita 45 m'lifupi ndi kuya komwe, musakanize nthaka ya pamwamba ndi manyowa owola bwino, ndipo muokere mu Disembala nthaka itakhuta madzi. Manyowa aawisi amatentha mizu. Phimbirani ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde, popeza umaitana chiswe.

Chaka choyamba ndicho chovuta. Kuyambira Meyi mpaka mvula itabweranso, thirirani kawiri pa sabata. Madzi otsukira ndiwo ndi otsukuluzira mbale amakwanira. Muzidulira nthambi za m'munsi kuti pansi pazioneka, chifukwa chitsamba chowirira pafupi ndi chitseko chimabisa njoka ndi udzudzu.

Amene akuphunzira pano ayambe ndi timitengo 4 kapena 5 tokha, timene angathe kuthirira m'chilimwe chonse. Tikagwira, nthambi zake zidzakhala mbande za chaka chotsatira, zina zogawira anansi, zina zogulitsa.