DZINA LA YOHANE

Dzina liri lonse liri ndi kwao. Maina ena anabadwira m'midzi mwathu muno, monga Kondwani ndi Mabvuto. Ena anacokera kutali, nafika kuno ndi alendo. Mwa maina acilendowo, limodzi lomveka ponseponse ndilo Yohane.

Dzinali linayamba kwa Ahebri. Iwo anati Yohanan, ndiko kunena kuti Yehova wacita cisomo. Tiwerenga m'buku la Luka kuti Zekariya ndi Elisabeti anakhala opanda mwana kufikira ukalamba wao. Atabadwa mwana, abale anafuna kumpatsa dzina la atate wace, koma amace anakana. Ndipo Zekariya, pokhala wosalankhula masiku amenewo, analemba kuti akhale Yohane. Ameneyo ndiye Mbatizi. Winanso wa dzinali ndiye mtumwi uja, mwana wa Zebedayo, msodzi wa ku Galileya. Cifukwa ca anthu awiriwa, Akristu a m'maiko onse analikonda dzinali.

Koma dzina likayenda ulendo, lisandulika monga mwa lilime la eni dziko. Ahelene anati Ioannes, Angerezi ati John, Apwitikizi João, Afalansa Jean, Ajeremani Johann kapena Hans, a ku Russia Ivan, a ku Scotland Iain. Asilamu amchula Mbatizi uja Yahya, ndipo ndiko kucokera dzina la Yahaya lomveka pakati pa Ayao.

Eni dzinali acuruka ndithu. Apapa a ku Roma oposa 20 analitenga. Ku United States of America, kuyambira 1880 kufikira 1923, panalibe dzina lina lopatsidwa kwa ana amuna ambiri koposa John. Kwathu kuno tikumbukira John Chilembwe, amene anabatizidwa mu 1893, nayamba mpingo wace ku Mbombwe mu 1900, naukira boma la Angerezi mu 1915.

Ana inu, zindikirani ici. Alipo anyamata ocita manyazi ndi dzina la kumudzi, poyesa kuti lacilendo lokha ndilo laulemu. Koma Ahebri anapatsa ana maina monga momwe acitira makolo athu, poyang'ana zimene zinawagwera, zokoma kapena zowawa. Yohane ndi Cisomo akakhala pa benchi limodzi m'sukulu, maina ao anena cinthu cimodzi. Madzulo ano funsani amai anu cifukwa cace anakupatsani dzina lanulo.