Dimba la mudzi ndi mankhwala a ana athu: tiliteteze lisanapite

Nthawi zambiri pa tsamba lino timakamba za malungo, kolera ndi sikelo ya ana. Lero tikambe za nthaka, chifukwa matenda ambiri a ana amayambira pa mbale yopanda ndiwo. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2022 mpaka 2023 adapeza kuti mu Moçambique muno ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 ndi opinimbira. Mpiru, chibwabwa, tomato, nyemba ndi mbatesi zimene zimatigwira m'chilimwe zimachokera kudimba. Dambo likapita, thanzi la mwana limapita nalo.

Matauni akukula. Ulónguè idakhala município mu 2008, ndipo tauni ikamakula anthu a ndalama amafuna malo omangapo nyumba, magolosale ndi mosungira katundu. Maso awo amagwera pa malo apafupi ndi msewu ndi madzi, komwe kuli madimba a amayi. Mkangano umabuka akuluakulu a khonsolo akamati malowo ndi opanda mwini popeza palibe pepala, pomwe anthu adalimapo kuyambira nthawi ya makolo.

Lamulo likuti chiyani?

Malamulo aakulu a dziko lino amati nthaka ndi ya Boma, sigulitsidwa ndipo sikhala chikole. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, umene pa Chipwitikizi amaufupikitsa kuti DUAT. Lamulo la malo la 1997, nambala 19/97, lidakhazikitsa kuti mudzi wokhala pa malo mwa mwambo uli ndi ufuluwu ngakhale ulibe pepala. Chimodzimodzi nzika imene yalima pamalo mosabisa kwa zaka 10. Umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, ndi wovomerezeka. Mayi ali ndi ufulu wofanana ndi wa bambo. Ndipo munthu wobwera asanapatsidwe malo, anthu a pamalopo ayenera kufunsidwa pa msonkhano. Mabungwe a alimi monga UNAC ndi ORAM adayenda m'midzi kufalitsa mfundo zimenezi lamulolo litangotuluka.

Phunziro la ku Cateme

Pakati pa 2009 ndi 2010 kampani ya malasha ya Vale idasamutsa mabanja oposa 1,300 ku Moatize, ndipo oposa 700 adapita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni. Adalonjezedwa mahekitala 2 pa banja, koma poyamba adalandira 1 yokha, ndipo ambiri adadandaula kuti nthaka yake ndi yamiyala, kutali ndi mtsinje ndi msika. Mu January 2012 anthuwo adatseka njanji ya sitima. Chaka chomwecho Boma lidatulutsa malamulo atsopano a kasamutsidwe ka anthu, Decreto 31/2012. Kulira kwawo kudamveka, koma minda yakale inali itapita kale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tichite chiyani?

Choyamba, olima m'dambo limodzi apange komiti, ndipo amayi akhalemo ambiri popeza ndiwo amathirira. Lembani m'kope dzina la aliyense, malire a dimba lake ndi chaka chimene adayamba kulimapo. Okalamba odziwa mbiri ya malowo anene umboni wawo akadali moyo.

Chachiwiri, pitani pamodzi ndi a nyakwawa ku ofesi ya zaulimi ya distrito, SDAE, kukapempha kuti malire a malo a mudzi ayezedwe ndi kulembedwa. Midzi yoyandikana nayo ikhalepo, kuti mawa pasadzakhale kulozana zala. Ngati dambo lili m'kati mwa município, funsani kuti muone mapu a tauni ndi zimene adakonzera malowo.

Chachitatu, msonkhano wofunsa anthu ukaitanidwa, musatume mfumu yokha.  Musadinde chala pa pepala limene silidawerengedwe m'Chinyanja pamaso pa onse. Lonjezo la mjigo, sukulu kapena ntchito lilembedwe ndi tsiku lake, ndipo mudzi usunge kope lake. Fanta ndi mpunga wa tsiku la msonkhano si malipiro a dambo.

Boma lidayamba kuunikanso lamulo la malo ndipo lidavomereza ndondomeko yatsopano ya malo mu 2022, choncho mukapita ku SDAE funsani ngati pali zosintha pa kapemphedwe.

Ngati kwanu kwabwera anthu oyeza ndi kukhoma zikhomo m'dimba, musazule mwaukali ndipo musamenye munthu. Lembani tsiku, sonkhanani, kadandauleni muli gulu, ndipo tidziwitseni kuno ku wailesi kuti nkhaniyo imveke. Mutu umodzi susenza denga.